Galu wa Malemu Esitere

Filomena anali atagwada kuseri kwa ofesi ya za ziweto pa boma pa Mchinji, akukwecha khola la agalu, pamene anamva belu la njinga ya mwamuna wake. Sanadzutse mutu. Ankadziwa bwino lomwe kuti njingayo sinadzere iye.

Benedicto anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, n'kumasula kajumbo pa kaliyala. Anadutsa mkazi wake ngati akudutsa chitsa, n'kukanyonyomala pa khola lakumapeto. M'menemo munagona Mwami, galu wofiira amene nthiti zake zinkaoneka munthu uli kumsewu. Khosi lonse linali chilonda, mmene munadya chingwe.

"Wadzuka bwanji, mnyamata wanga?" anatero Benedicto, ndi mawu ofewa amene Filomena anali asanalankhulidwepo nawo.

M'kajumbomo munali chiwindi cha mbuzi, chowiritsa bwinobwino. Filomena anali atanyamuka kwawo ku Kachebere m'mimba muli mbatata imodzi yogonera, ndipo fungolo litamufika anameza malovu, mtima n'kumuwawa. Iyeyu chikwatiwireni anali asanaphikiridweko ngakhale madzi osamba.

Galuyo kwenikweni sanali wa Benedicto. Anali wa Esitere, mkazi wake woyamba, amene anamwalira zaka zingapo Filomena asanabwere. Esitere ankachita geni ya zitenje, kukaoda ku Chipata, ndipo ulendo wina anatola kagalu pa boda ya Mwami n'kukatcha dzina la malowo. Atatsikira kuli chete, abale anagawana zovala, mapoto nawo anapita, koma galu anatsala. Choncho Filomena atalowa m'nyumbamo anapeza kuti mpando wa mkazi wamkulu uli naye kale mwini wake, wamiyendo inayi.

Benedicto akaweruka ku ntchito yake ya ukalipentala, moni woyamba unkapita kwa galu. Ikaphikidwa nyama, nthuli yonona ankasankha yekha n'kutuluka nayo pakhonde. Filomena atadwala malungo anauzidwa kuti akwere kabaza apite kuchipatala, koma galu atalasidwa ndi munga, bambo anasiya ntchito ya eni ake n'kumunyamula m'manja. Galu nayenso ankadziwa udindo wake. Chakudya cha m'manja mwa Filomena sankachikhudza, ankangomuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mkazi mnzako wamoyo umatha kukumana naye pa mjigo, n'kulalatirana, mtima n'kuphwa. Nanga wakufa umuyamba bwanji?

Ndiye Benedicto anapeza ntchito yokhoma denga kutsidya kwa malire, yoti akakhala komweko mwezi ndi kanthu. Potsanzika analankhula za galu mpaka kukhosi kuuma: azidya zakuti, azimwa madzi oyera, asamatuluke kumsewu. Za mkazi wake anangoti utsale bwino. Njinga itangokhota, Filomena anamumangirira Mwami kuseri kwa bafa, akudziuza kuti n'za tsiku limodzi, galuyo aphunzire ulemu. Tsiku linabala sabata. Kumumenya sanamumenyeko ngakhale kamodzi, anangomuiwala mwadala. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, ndipo madzi a m'kambale ankauma asanakumbukire kuthiramo ena. Kenako kunagwa maliro ku Mkanda, iye n'kupita, n'kugonako masiku.

Amene anamva kulira kwa galuyo ndi Lusungu, namwino wochokera ku Rumphi amene ankachita lendi nyumba yoyandikana ndi yawo. Anasuzumira pa mpanda, anajambula pa foni, n'kuitana a za ziweto, iwo n'kubwera ndi apolisi. Tsiku la mlandu m'khoti munadzaza ngati akuzenga wopha munthu. Anthu anabwera kudzaseka, poti kuyambira liti munthu wamkulu kuimikidwa pamaso pa majisitireti chifukwa cha galu? Koma zithunzi zitaonetsedwa kuseka kunazima. A majisitireti anati popeza kanali koyamba kulakwira lamulo, kundende sapita. M'malo mwake azigwira ntchito yosalipidwa ku ofesi ya za ziweto m'mawa uliwonse kwa miyezi ingapo, aphunzire kasamalidwe ka nyama, ndipo galu amene anamuzunzayo amudwazike yekha.

Chilango chachiwiri, chowawa kuposa cha boma, chinachokera kwa Benedicto. Pamaso pa a Jonasi, amalume ake a Filomena amenenso anali ankhoswe, iye anati mkaziyo ayambe wakhala kwawo. Galu akafa, ukwati nawo wafa. Akachira, adzaona.

Ndi mmene zinakhalira kuti Filomena, mayi wa kwaya, ayambe kupempherera moyo wa galu amene ankadana naye.

M'mawa umenewo Mwami ananunkhiza chiwindi chija, anameza kanthuli kamodzi, n'kusanza pomwepo. A Rodrick, dokotala wa ziweto, anatuluka mu ofesi n'kumuuza Benedicto kuti chikondi chakecho chimupha galuyo. Matumbo anali atafota, ofunika phala lamadzimadzi losakaniza ndi dzira, pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku. Anati ntchito imeneyo ndi ya mayi, ndipo bambo azibwera kudzaona ndi maso okha. Benedicto anachoka atatupa.

Koma galu phala la Filomena analikana. Ankatembenuzira mutu kukhoma. Tsiku loyamba, lachiwiri, mbale inkabwerera mmene inapitira, ndipo Filomena ankaona ukwati wake ukuzirala limodzi ndi phalalo. Kunja nako sankapuma. Anyamata a kabaza pa siteji anali atamupatsa kale dzina.

"Anamwino a agalu, odwala adzuka bwanji ku wodi?"

"Adzuka bwino, akufunsa kuti abale awo mubwera liti kudzawazonda," iye ankayankha osacheuka, koma akafika pokhota ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Tsiku lina a Rodrick anamuuza kuti atsuke chilonda cha pakhosi ndi madzi a mchere. Atapatula ubweya anapeza mphutsi zikuyenda mu mnofu. Apa ndi pamene Filomena anaona ndi maso ake chimene anachita. Kukhoti anachita manyazi chifukwa cha anthu, koma apa panalibe womuona, ndipo manyazi ake anali enieni. Galuyo sanamulume, ankangonjenjemera. Atamaliza kupaka mankhwala anakhala pansi m'kholamo, mbale ili pamiyendo.

"Idya, mkazi mnzanga," anatero. "Ndakulakwira, ndavomera. Koma iwenso wandidyera zambiri. Ukafa iwe, ine ndipita kuti?"

Anapitiriza kumuuza zonse, za malungo aja, za nthuli zija, za chithunzi cha Esitere chimene chinali pabalaza pamene cha ukwati wa iye Filomena chinali mu sutikesi. Anali asanauzepo munthu zimenezi. Akulankhula choncho anaviika chala m'phala mosaganiza, n'kuchisendeza kukamwa kwa galu. Mwami ananyambita.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mvula itayamba, Mwami anali akuimirira. Chimanga chitafika m'mawondo, anali akuyenda pabwalo la ofesi, ubweya ukumera pa chipsera. Filomena anaphunzira kuchotsa nkhupakupa, kusambitsa agalu ndi mankhwala a utitiri, ndi kuwagwira bwino pa tsiku la katemera wa chiwewe, mwakuti a Rodrick ankamusiyira odwala ena. Mwami akamva mapazi a Filomena pa geti ankalira ndi chimwemwe, mchira uku ndi uku.

Benedicto anaziona zimenezi m'mawa wina atabwera ndi mluzu wake wa masiku onse. Galu anadzuka, anamununkhiza bondo mwaulemu, n'kumupitirira kukagona pamapazi pa Filomena. Benedicto anaimbanso mluzu. Galu anangogwedeza khutu. Tisanamizane, Filomena zinamukomera. Kwa nthawi yoyamba anaona pankhope ya mwamuna wake chinthu chimene iye anakhala nacho m'mimba zaka zonsezi, ndipo anachiyang'anitsitsa kuti achione bwino.

"Wamudyetsa chiyani galu wanga?" anafunsa Benedicto. Aka kanali koyamba kumulankhula chichokereni kukhoti. "Wamudyetsa kondaine eti?"

"Ndikanakhala naye kondaine, bambo, ndikanayambira inu."

A Rodrick anaseka mpaka kutsamira chitseko, koma Benedicto sanaseke. Anati galu wa Esitere sangasanduke wa munthu amene anafuna kumupha, ndipo amutenga lero lomwe. Poti galuyo anali atachira, panalibe chomukanizira. Anamumanga chingwe n'kumukoka, galu akucheuka njira yonse. Za ukwati sanatchuleko.

Masiku otsala a chilangocho Filomena anawagwira ngati munthu woferedwa. Khola lakumapeto ankalikwecha lopanda kanthu. Ankaganiza za Mwami ali pakhonde paja, mutu uli pamwendo pa Benedicto, ndipo nsanje inkamudya monga kale, kungoti tsopano sankadziwanso kuti akuchitira nsanje uti mwa awiriwo. Tsiku lomaliza a Rodrick anamugwira chanza n'kunena kuti pa katemera wa chaka chino adzamufuna. Iye anabwerera ku Kachebere, n'kulongedza chikwama chake mwakachetechete, kudikira. Galu anachira, nanga si ndiwo anali mawu a Benedicto?

Benedicto anatulukira Lachisanu masana, Filomena ali m'chigafa kuthandiza amalume ake kusoka fodya. Atamva belu lija mtima unadumpha ngati wa namwali. Anasamba m'manja kuchotsa phula la fodya, anamanga bwino mpango, n'kukakhala pamphasa chapatali pang'ono ndi amuna awiriwo. Benedicto anali atavala malaya a kutchalitchi. Anauza a Jonasi kuti waganiza mofatsa, zakale zapita, mkazi wake abwerere kunyumba, ndipo ngati n'kotheka anyamuke naye lero.

A Jonasi anawomba m'manja. Anati ukwati ndi kupirira, ndipo madzi akatayika saoleka koma banja limaoleka. Anamuuza mwana wa mlongo wawoyo kuti akatenge katundu wake.

Filomena anayamba kudzuka, koma liwu lakuti lero linamukhalitsanso pansi. Munthu amene anakhala chete miyezi yonseyi, changu chimenechi wachitenga kuti? Galu wamkota sakandira pachabe. Anafunsa mwaulemu chimene chachitika kunyumba.

Benedicto anayang'ana nsapato zake. Anati Mwami sakudya. Chimutengereni amangogona pa geti kuyang'ana kumsewu. Wayesa nyama, wayesa mkaka, wayesa ndi phala lomwe, koma galu akungonunkhiza, ndipo nthiti zayambanso kuoneka. Ponena izi maso ake anali atafiira.

"Nanga inuyo, bambo, mukudya?" anafunsa Filomena.

"Ine ndikudya bwinobwino," anayankha Benedicto msangamsanga, ngati womuchotsa nkhawa. "Ndimadya kumsika. Vuto ndi galuyu basi."

Filomena anadikira. Anamupatsa mpata wokwanira kuti awonjezere kanthu, kaya kuti m'nyumba mwazizira, kaya kuti malaya akusowa wochapa, ngakhale bodza lomwe akanalilandira ndi manja awiri. Benedicto anangomuyang'ana, akudabwa kuti akuchedweranji. Sikuti anali munthu wankhanza ayi. Anangonena zoona, ndipo zoonazo zinamulasa Filomena kuposa mawu onse a kukhoti.

"Mubwere naye kuno," anatero pomaliza. "Phala lake ndimalidziwa, ndipo sadzagonanso ndi njala ine ndili moyo. Koma ine kunyumba kwanu sindibwerera. Mukufuna wolera galu, ndamva, ndipo ndavomera. Mkazi simukumufuna."

A Jonasi anayesa kumukalipira, anayesa kumunyengerera, anatchula mpingo, anatchula zimene anthu adzanene. Benedicto anaimirira n'kunena kuti galu wa Esitere sangakhale kumudzi kwa eni, ndipo aona yekha chochita. Filomena anagwada kutsanzika monga mwa mwambo, n'kubwerera m'chigafa. Posoka anang'amba masamba angapo, ndipo analira ndithu, chifukwa mwamunayo ankamukonda.

Loweruka kunali zii. Lamulungu anthu akuchokera kutchalitchi, Filomena anaona Benedicto akukankha njinga pa njira ya kumudziko, galu atamugoneka pa thumba pa kaliyala, dzanja limodzi atamugwirira kuti asagwe. Iye anamuikira mpando pansi pa mtengo monga amachitira ndi mlendo aliyense, n'kulowa kukhitchini. Atatuluka ndi mbale, Mwami anadzikoka mpaka pamapazi ake n'kuyamba kudya.

Benedicto anakhala pampandopo, manja ali pamawondo, kuonerera mpaka mbale inayera. Kenako anafunsa ngati angamabwere Lamulungu kudzamuona.

"Galuyo muzibwera kudzamuona," anatero Filomena.

Benedicto anatembenuza njinga yake n'kubwerera ku boma yekha.