Makaniko Wa Ku Al Qusais Akwera Mchenga

Thumbiko Nyirenda anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa galaja ina ku Al Qusais mumzinda wa Dubai, kukonza njinga zamoto zokwerera mapiri a mchenga. Kwawo ku Rumphi ankakonza njinga za alangizi a zaulimi. Kuno m'manja mwake munkadutsa zazitali za matayala awiri, ndi zojintcha za matayala anayi zomwe aliyense amangoti makwadi. Mwini wake wa galajayo, bwana Imran, ankazibwereketsa kwa alendo odzacheza ku Dubai.

Zaka zonsezo Thumbiko anali asanakwereko phiri la mchenga ngakhale limodzi. Akamaliza kukonza njinga ankangoizungulitsa kawiri pa simenti kuseri kwa galaja, n'kuipereka. Kuchipululu kunkapita madalaivala atatu otsogolera alendo. Iwo ankabwerako ndi madandaulo, makamaka akuti amapopa matayala mopitirira, iye n'kumawayankha kuti za matayala anazidziwa iwo asanamere mano.

Mliri wa korona utafika m'Malichi 2020, alendo anasiya kubwera. Madalaivala aja anabwerera kwawo, ndipo njinga khumi ndi ziwiri zinangoima m'galaja miyezi isanu ndi umodzi. Thumbiko anatsala, nthawi zambiri akungosesa ndi kumvera wailesi ya kumudzi pa foni.

Lolemba lina m'Okutobala, kutentha kutayamba kuchepa, bwana Imran analowa akumwetulira mpaka masiki kukwera m'maso.

"Yalla, tiyeni, Thumbiko! Lachisanu tili ndi kasitomala. Ndi m'modzi yekha, koma ndi kasitomala. Mukonze kwadi yake, ndi njinga ya wotsogolera."

"Wotsogolerayo ndani, bwana?"

"Ine msanawu mukuudziwa. Ndiyendetsa galimoto basi. Wotsogolera ndinu, habibi, m'bale wanga."

Thumbiko anafuna kukana, koma manja ake anali atafika kale pa bokosi la masipanala. Ntchito anali ataisowa kwambiri.

Anayamba n'kukhetsa petulo wakale, yemwe anali atasanduka wachikasu n'kumanunkha ngati penti. Anamasula makabyuleta, natsuka timabowo take kamodzikamodzi mpaka kuwala kuonekera. Kenaka anafika pomwe iye ankati pali moyo wa njinga ya mumchenga: fyuluta ya mpweya. Anachapa siponji yake, naiyanika, naipaka oyilo n'kuifinya pang'onopang'ono m'manja kuti alowe paliponse, nazunguliza girisi m'mphepete. Mchenga wa kuchipululu ndi wosalala ngati phulusa, ndipo ukapeza kampata kamodzi kokha umadya injini tsiku limodzi. Tcheni anachitsuka ndi palafini koma sanachipake girisi, poti girisi amakola mchenga n'kuperepesa mano a giya. Kumbuyo kwa njinga yake anaikako tayala la mapini otambalala ngati timafosholo, lokumba mchenga.

Lachitatu masana, akulimbana ndi bawuti yomwe inachita dzimbiri, analankhula yekha mokweza. "Iwe, umasuka lero kaya ufune kaya usafune."

"Ah! Nindani akamba chinyanja muno?"

Pakhomo panaima mayi wamfupi wovala masiki a buluu. Anati dzina lake ndi Lennah Mwanza, wa ku Chipata, namwino wokhala ku Discovery Gardens, ndipo ndiye kasitomala wa Lachisanu. Anabwera kudzaona chinthu chomwe adzakwere. Anapatsana moni ataima patalipatali, aliyense dzanja pamtima, koma chimwemwe chinali cha anthu okumana pamsika wa kwawo.

"Nanga asisi, chakupatsani maganizo amenewa n'chiyani?" anafunsa Thumbiko.

"Ba Nyirenda, kuyambira Malichi ndili mu wodi ya korona. Ndikatseka maso ndimamva timakina tikulira. Manje ndifuna chabe malo opanda khoma, opanda munthu wotsokomola."

Thumbiko anapukuta manja pa kansanza. Anaona kuti munthu wotere sayenera kunamizidwa.

"Ndikuuzeni zoona. Njingazi ndimazidziwa mkati ndi kunja, koma mchengawo sindinaukwerepo. Mukafuna kudikira mpaka odziwa atabwerako, sindikhumudwa."

Lennah anaseka mpaka kugwira chitseko. "Ife tsiku loyamba mu wodi ija, muganiza analipo anachitapo kale? Tinaphunzirira momwemo. Tiyeni, tikagwa tikagwera pofewa."

Anamukweza pa kwadi yofiira kuti ayese. Zala zake zinali zazifupi, khungu losweka ndi mankhwala osamba m'manja, ndipo sizinkafika bwino pa buleki. Thumbiko anasendeza chogwirira chija pafupi, namanga kasikuluwu kochepetsa liwiro kuti njinga isamudzidzimutse. Pomaliza anaimika ndodo yaitali ya mbendera yalalanje kumbuyo kwa njinga zonse ziwiri.

"Imeneyi ndi ya chipani chanji?" anafunsa Lennah.

"Ndi yoti amene ali kuseri kwa phiri akuoneni musanagundane."

Lachisanu ananyamuka dzuwa lisanatuluke, njinga zili pa ngolo kumbuyo kwa galimoto. Atayenda pafupifupi ola limodzi nyumba zazitali zinatha, mchenga n'kuyamba kufiira. Bwana Imran anaima pomwe msewu wa tala unathera, nayala mpando wake pamthunzi wa galimoto, nawauza kuti asapite kutali koti mbendera n'kusaoneka.

Thumbiko anaphwetsako matayala pang'ono, mlingo wake wa masiku onse, navala chipewa cholimba. Pamalo athyathyathya zinayenda bwino, ngakhale tayala lakutsogolo linkayendayenda ngati laledzera. Atafika paphiri loyamba, laling'ono ndithu, njinga inakwera mpaka pakati, n'kuyamba kukumba, n'kudzikwirira yokha. Atacheuka anaona kwadi ya Lennah nayonso itatitimira, ikungomwaza mchenga kumwamba.

Anatsika, nagwada, nakanikiza tayala ndi chala chachikulu. Linali lolimba gwa. Kenaka anayamba kuseka yekha.

"Chasekesa n'chani?" anafuula Lennah.

"Zaka naini ndakhala ndikutsutsa anthu amene ankanena zoona!"

Anatulutsa mpweya wina wambiri mpaka matayala anatambalala pansi ngati mapazi a ngamila. Anakumba ndi manja kutsogolo kwa kwadi, naigwedeza uku ndi uku kufikira itatuluka. Anabwerera kumunsi n'kuyambira patali.

"Musasiye moto pakati pa phiri," anatero. "Mukasiye pamwamba penipeni, muone kaye kuseri."

Ulendo uno njinga inayandama. Thumbiko anaimva injini yomwe anaitsuka ndi manja ake ikulira bwino, yosatsamwa, mphepo yozizira ikulowa m'malaya. Anafika pamwamba, ndipo chifukwa chokondwa anaiwala malangizo ake omwe. Tayala lakutsogolo linapitirira, iye n'kugubuduka kuseri kwa phiri, miyendo m'mwamba, mchenga m'kamwa. Anagona chagada akudziyesa mafupa. Onse anali m'malo mwake.

Pamwamba panatulukira mbendera yalalanje, kenaka kwadi yofiira, n'kuima bwinobwino m'mphepete.

"Ba Nyirenda, muli moyo? Kapena ndiyambe ntchito?"

"Lero muli pa holide, asisi. Musandikhudze."

Lennah anavula chipewa, nayang'ana mapiri ofiira atandandalika mpaka kosaoneka. Kenaka anakuwa. Silinali liwu lililonse, kunali kukuwa chabe, kwautali, kochokera m'mimba. Atamaliza anapukuta m'maso ndi mkono, nakuwanso kachiwiri, ulendo uno akuseka. Thumbiko anadzutsa njinga yake n'kumachotsa mchenga pa tcheni mosafulumira.

Anakwera mapiri ena asanu ndi awiri. Thumbiko anagwanso kamodzi, Lennah sanagwe n'komwe, ndipo nkhani imeneyi mayiyo anaibwereza katatu asanafike pagalimoto. Dzuwa litayamba kuluma anakweza njinga pa ngolo. Asanamange zingwe, Thumbiko anatsegula bokosi la fyuluta. Kunja siponji inali yofiira ndi fumbi, koma atapisa chala mkati, ku njira yopita ku injini, chinatuluka choyera. Anamuonetsa bwana Imran chalacho, bwanayo n'kugwedeza mutu kuti khalas, zatheka.

Pobwerera anaima pa kashopu ka m'mbali mwa msewu. Anagula tiyi wa karak, wamkaka wothira zonunkhiritsa, m'timakapu ta pepala ndi chapati cha mazira, namwera panja poti mkati munkaloledwa anthu ochepa. Thumbiko ankangokumba mchenga m'makutu. Mapewa ankawawa, bondo linali litasupuka, koma sankakumbukira tsiku lomwe tiyi anamukomera chonchi.

Lennah anali pa foni, akutumiza zithunzi kwa anzake a mu wodi. Mayankho ankangolowa motsatizana.

"Sabata yamawa muli ndi makwadi angati okonzeka?" anafunsa.

"Lero ndi imodzi. Pofika Lachinayi akhoza kukwana asanu, inshallah."

"Anzanga anayi afuna kubwera. Koma m'modzi, Matildah, amaopa ngakhale masitepe oyenda okha a pa siteshoni ya sitima ya Metro."

"Ameneyo mubwere naye Lachitatu ku galaja," anatero Thumbiko akupemerera tiyi. "Ndimuyeze kaye zala."