Nyanga ya Keziah

"Mphini izi watema ndani?" anafunsa a Hamilton, wothandiza dokotala pachipatala cha mishoni, atakweza malaya a Oswald.

"Ndine," anayankha Keziah, mkazi wake, kunyada kuli poyera. M'mudzi wonse wa Yofu munalibe wodziwa kulumika ndi nyanga ngati iye. Chibwerereni mwamuna wake ku Joni mu 1951, mimba itatupa kumanzere, Keziah ankatema pachotupapo Loweruka lililonse n'kukoka magazi ndi nyanga. Oswald ankati zimamupepukitsa.

A Hamilton anatsitsa chikope cha wodwalayo. Mkati munali mbee ngati chinangwa chosenda.

"Mayi, adokotala ayeza magazi ake. Magazi a munthu amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Mafupa a amuna anuwa auma mkati, asiya ntchito. Ndiye kapamba walowa m'malo, akupanga pang'ono momwe angathere, n'chifukwa chake wakula chonchi. Si magazi oipa ayi. Ndi okhawo amene ali nawo."

"Nanga aja ndakhala ndikutaya kudzala?"

"Madzi akatayika saoleka. Mankhwala ochiza tilibe. Azidya usipa ndi ndiwo zamasamba, azipuma. Koma mukalumikanso, yambani kufuna matabwa a bokosi."

Keziah anayenda pambuyo pa machila kuchokera kuchipatala ku Chipyela mpaka kwawo. Manja ake omwe anamunyansa.

Loweruka litakwana, Oswald anaitana ali pamphasa. "Tenga nyanga ija, make Marian. Chikundifinya mpaka pamtima."

"Sindingathe. A Hamilton mwawamva nokha."

"Iwo akumva ululu wanga? Kapena watopa nane? Zaka khumi ndi ziwiri ndinali pansi pa mgodi chifukwa cha iwe."

A Constance, mlongo wake wa Oswald, anali ataima pakhomo, manja m'chiuno. "Mlamu, Hamilton uja tinkasamba naye padooko alibe ndi kabudula yemwe. Lero wavala choyera, basi waposa amayi anu amene anakuphunzitsani? Mawu a akulu amakoma akagonera. Bweretsani kuno, ndilumike ndekha."

Keziah anasolola nyanga ija kudenga. Oswald anatambasula dzanja, nkhope itawala ndi chiyembekezo, ndipo apa m'pamene Keziah anamva kuwawa kwenikweni. Anamudutsa, natuluka panja, naiika pathanthwe. Anaiphwanya ndi mwala mpaka inangotsala zidutswa.

Oswald anatembenukira kukhoma, ndipo sanamulankhulenso. Keziah ankamusambitsa, kumutembenuza, kumuchapira, koma phala lake ankalikana. Ankamwa la a Constance lokha. Anakhala choncho masabata asanu ndi awiri, namwalira mvula yoyamba itangogwa.

Pamaliro, amayi a pa Yofu ankanong'onezana kuti Keziah anam'mana mwamuna wake mankhwala, munthu akuchonderera ndi misozi. Iye anamva zonse, koma sanadziteteze. Akanati chiyani? Kuti anam'patsa ochuluka?