Dzina la Bambo a Tinyade

1.
Nthambo. Awamata nthambo mutu wonse bambo a Tinyade, munthu amene ankakana ngakhale chipewa. Sabata ziwiri ali chikomokere, chigwereni padenga pomwe ankakhoma malata. Mkazi wawo, Nachisale, wakhala pambali pa bedi, maso ali pakanema wa timizere tonjenjemera.

2.
Dokotala, mtsikana woonda wamagalasi, sanapsatire mawu. Anati makinawa amamvetsera ubongo. Wodwala akamva dzina lake kuchokera pakamwa pa munthu amene anamuzolowera, timizereto timadumpha, ndiye kuti mkatimo mudakali munthu, angathe kutsitsimuka. Tikapanda kudumpha, makina opumira apatsidwa kwa wina. Omvetsera ubongowo ndi obwereka, masiku atatu basi.

Aitaneni ndi dzina lawo, mayi.

3.
Dzina? Aaa, ana asukuluwa! Zaka makumi awiri ali pabanja, Nachisale sanalitchulepo. Mkazi wolangidwa saitana mwamuna wake ngati akutuma mwana kumsika.

Anawerama.

Bambo a Tinyade.

Timizere osadumpha.

4.
Mmene anawaitanira tsiku loyamba:
aMbewe
amisiri
bambo akunyumba
inu
inu apa
anzanga

Timizere osadumpha.

5.
Tsiku lachiwiri analimba mtima ndithu nati lero zivute zitani nditchula koma atangotsegula pakamwa anaona apongozi ake aamuna atakhala pampando ndodo ili pakati pa miyendo alamu ake awiri ataima kumiyendo kwa bedi atsibweni a wodwalayo ali pakhomo onse akumuyang'ana pakamwa pomwepo ndipo dzina lija linafika pakhosi n'kukakamira monga munga wansomba manyazi n'kumugwira mayi wamkulu wa ana anayi mpaka thukuta kamukamu alamu ake n'kulitchula okha mokuwa dokotala n'kupukusa mutu kuti ayi mawu amene amawamva tsiku lililonse ndi a mayiwa

Bambo a Tinyade, ndine.

Timizere osadumpha.

6.
Usiku sanalote chilichonse. Mantha okhaokha.

7.
Tsiku lachitatu achibale anachuluka, mpaka a kwaya. Nachisale anati adikire chipinda chipepuke. Sichinapepuke. Masana dokotala anaonetsa abale mapepala aataliatali, timizere tofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anati palibe chizindikiro, mawa m'mawa achotsa makina opumira.

Pepani, mayi. Mwayesetsa.

Namwino anamatula nthambo imodziimodzi, n'kupukuta mutuwo ndi thonje. Makina omvetsera ubongo aja anawakankha kupita nawo kwa eni ake.

8.
M'mawa mwake amuna onse anatuluka panja kukakambirana za galimoto yonyamula maliro, munthu asanafe n'komwe. Nachisale anatsala yekha. Anayang'ana kukhomo, kenako anaika mlomo pakhutu pawo.

Dafuleni.

Linatuluka mosavuta, dzina lopepuka chonchi. Anabwereza.

Dafuleni. Dafuleni, iwe, dzuka.

Chikope chinagwedera, kapena ndi misozi yake yomwe inamunamiza. Anatembenuka msanga kuti aone timizere.

Khoma. Msomali. Kalendala ya chaka chatha.

Anathamangira namwino, n'kumupempha kuti abweze makina aja, mphindi imodzi yokha. Namwino anati anachoka dzulo, ali kuchipatala china. Nachisale anakhala pansi pakhonde pomwepo, mtima utasweka, n'kulira monga sanalirepo.

9.
Kale. Angokwatirana kumene, nyumba ilibe chitseko, atchinga ndi mphasa. Mwamuna akusema mpini pabwalo, akumunyengerera mkazi wake.

Kamodzi kokha, Nachisale. Palibe amene akumva. Ndimve mmene limakomera pakamwa pako.

Iye akuseka, wabisa nkhope m'chitenje.

Inu, musandichimwitse. Ndidzakuitanani tsiku limene mudzagonthe.

Ndidikira, anatero Dafuleni.