Thumba la Mtedza Wofiira

Rakele sanali munthu wabodza. Ngakhale ali kusekondale ku Mvera, anzake akamanamizira mutu pothawa kusesa, iye ankatola tsache n'kumanjenjemera m'malo mwawo. Koma chaka chino ananama bodza limodzi, ndipo ankalisamala ngati dzira.

Linali bodza la mtedza wa mbewu. Dzinja lapitalo ng'amba inawaula chimanga m'mapiri onse a kwawo ku Dowa, moti nkhokwe inayamba kuonetsa pansi mphepo ya mu Julayi isanathe n'komwe. Mtedza ukanawagwira dzanja, poti umapirira dzuwa kuposa chimanga, koma anali atabzala timizere towerengeka. Mbewu inali itathera m'nyumba momwemo mvula isanagwe, ndipo panalibe wakuba. Mwamuna wake Tomasi akamapita kudimba ankangotapa "wotafuna panjira". Amayi ake a Rakele, aNachisale, amene nyumba yawo inali kuseri kwa khola la mbuzi, ankabwera ndi kambale kubisa m'chitenje. "Pang'ono pokha mwanawe, nditendere nkhwani." Pang'ono pokha, pang'ono pokha, mpaka thumba linagona pansi lokha.

Ndiye chaka chino Rakele anachita ganyu yothothola mtedza kwa mlimi wina kumunsi kwa phiri, mwana kumsana, malipiro ake mtedza womwewo. Anauswa, nasankha wonenepa wokhawokha. Kenako tsiku lina anthu atapita kumaliro, anasinja zidutswa za njerwa kuseri kwa bafa, kusefa bwinobwino, kuwaza timadzi, n'kupakaza mtedza wonse mpaka unafiira ngati mbewu ya m'sitolo yothira mankhwala. Madzulo ake analengeza, mawu akunjenjemera.

"Mbewu ija ndathira mankhwala. Oopsa kwambiri. Ngakhale nkhuku ikangojompha kamodzi, basi."

Tomasi anati, "Ooh." ANachisale anati, "Ana a masiku ano, mpaka chakudya kuchithira poizoni." Ndipo thumba linakhala kuseri kwa chitseko cha pabalaza, anthu n'kumalilambalala ngati njoka.

Mwezi wa Okutobala unali kumapeto. Mapiri anali bii ndi lupsa, mbuzi zomasulidwa zikuyendayenda m'minda kutola mapesi otsala, ndipo m'makomo ambiri moto wa chakudya unkayaka kamodzi patsiku. Masana ana ankadya mango osapsa ophika. Aliyense akatuluka m'nyumba ankayamba wayang'ana kumwamba, cha ku Ntchisi, kumene mitambo imayambira. Rakele yekha ndi amene ankayamba wayang'ana kuseri kwa chitseko.

Tsiku limenelo anapita kumjigo, mwana wake Chisangalalo, wa zaka ziwiri ndi miyezi, atamusiya ndi agogo ake. Pamjigo panali mzere wautali, ndipo mtima wake sunakhazikike, monga mwa nthawi zonse. Nanga akagwera pamoto? Nanga mbuzi ya kwa aneba ija yokonda kugunda? Pobwerera, ndowa ili pamutu, anamva mfuu asanafike n'komwe pamtengo wa mango.

"Mayo ine! Mwana wadya mankhwala! Anthuni thamangani!"

Ndowa inatsika yokha. Pakhomo anapeza Chisa ataima chilili, kukamwa kuli psuu, manja ali psuu, masaya otupa ndi mtedza. Ataona amake anamwetulira n'kuwatambasulira dzanja. "Amama, tapani!"

Rakele anakumbukira kuti ndi njerwa chabe. Anangotsala pang'ono kuseka. Koma pofika nthawi imeneyo mudzi unali utayamba kale kukhuthukira pabwalo. Wina anabwera ndi dzira laliwisi. Wina ankasinja makala pamwala. Mercy, mnzake wa kumjigo, anali akuvundula mchere m'kapu ndi chala. Mnyamata wina anali atathamanga kale kukaitana Alexio wa kabaza, ndipo njinga yamoto inamveka ikulira chokwera mtunda.

"Mugwireni mphuno amwe!" anatero Mercy.

"Ayi, ayi, musammwetse!" Rakele anakwatula mwana n'kumukumbatira.

"Iwe Rakele wapenga? Asanze mwanayu!"

Apa m'pamene anayenera kunena. Anatsegula pakamwa, koma maso ake anayamba kuwerenga anthu. Onsewa anali asanadye chiyambire m'mawa. Onsewa anali abale, ndipo m'bale akabwera ndi kambale sabwezedwa. Akangoti "ndi njerwa", thumba lija limera miyendo. Anaganiza mofulumira: bwanji angokwera njingayo mpaka kuchipatala ku Boma, anamwino akamuone mwana, akapeze kuti ali bwino, abwerere? Alexio angamulipire ndi tambala wa m'khola. Tambala ndi tambala, mbewu ndi chaka chathunthu.

Ali m'kati moganiza choncho, anaona Tomasi.

Tomasi anali atangofika kuchokera kudimba. Anaima pansi pa mango, khasu paphewa, akudzikanda m'khosi. Munthu ameneyu tsiku lina Chisa atabayidwa ndi kaminga anathamanga naye mpaka kwa azaumoyo, nsapato kuiwala. Lero mwana wake wadya poizoni, iye akudzikanda m'khosi? Maso awo anakumana. Tomasi anayang'ana kumbali, kumene kunalibe kanthu koma nkhuku.

Rakele anazindikira kuti bamboyu akudziwapo kanthu. Koma analibe nthawi yoti akwiye, chifukwa aNachisale anatulukira pakhomo akukhwekhwereza thumba, msana wawo wowawa nthawi zonse atauiwala.

"Chinthu ichi sichigonanso pamudzi pano! Chikufuna kundiphera mdzukulu! M'chimbudzi!"

"Amayi!"

"Usandiyankhe! Alexio, nyamula mwanayo ndi amake, muzipita. Ine ndithana nacho."

Chimbudzi chinali pafupi, kuseri kwa nthochi. Thumba linkasiya mzere m'fumbi, ndipo Rakele ankaona zala zake zonse zothothola mtedza zikupita kudzenje. Anafuna kuthamanga, koma mwana anali m'manja, Mercy atamugwira chitenje, Alexio akuliza belu.

Amene anathamanga ndi Tomasi.

Tsono Tomasi ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Ntchisi, ndipo chibwerere pamudzi pano anali asanaimepo maso ndi maso ndi apongozi ake. Akakumana panjira, iye ankapatukira kutchire. Akafuna kuwauza kanthu, mawu ankadzera mwa Rakele. Lero anaponya khasu, kuzungulira nthochi, n'kukagwada pakanjira ka kuchimbudzi, chapatali ndithu, nkhope atalozetsa kumbali ngati akulankhula ndi tsinde.

"Pepani amayi," anatero akuomba m'manja pang'onopang'ono. "Musataye. Mtedzawu sukupha."

"Bambo a Chisa, ndipatseni njira."

"Zoona amayi. Sukupha."

"Inu mwadziwa bwanji?"

Njinga ya Alexio inali ikugugudabe.

"Ndakhala ndikulawako."

"Mwati bwanji?"

"Pang'ono pokha. Tsiku loyamba ndinatsuka kumtsinje, ndinadya njere ziwiri, n'kukhala pamwala kudikira. Sindinafe. Mawa lake ndinangopukuta pamalaya."

Woyamba kuphulika anali Alexio, mpaka njinga inazima. "Achimwene! Ndiye munakhala pamwala kudikira imfa? Chifukwa cha mtedza?"

"Akamwini a ku Ntchisi awa," anatero mayi wina, "ngakhale poizoni sawakomola!"

"N'chifukwa chake malaya awo afiira m'mphepetemu! Ife timati ndi dothi la kudimba!"

Tomasi anangowerama, makutu ali gwaa. Koma aNachisale sanaseke. Anagwiranso thumba pakhosi.

"Mimba ya munthu wamkulu si ya mwana. Inu ngati muli ndi mimba ya fisi, zanu zimenezo. Chokani ndidutse."

Rakele anayang'ana mwamuna wake ali chigwadire m'fumbi, mudzi wonse ukumuseka pamaso pa apongozi, ndipo sanasunthe panjirapo. Anali wakuba ndithu, koma wakuba wake anali atatchinga chimbudzi. Anatsitsa Chisa, kupita pathumba, kumasula chingwe, kutapa dzanja lodzaza n'kuponya m'kamwa. Mchenga wa njerwa unalira m'mano mpaka aliyense anamva.

"Ndi njerwa, amayi," anatero m'kamwa muli tho. "Mulibe mankhwala. Ndinasinja njerwa."

ANachisale anasiya thumba. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mdzukulu amene tsopano ankathamangitsa nkhuku, kenako anakhala pansi pomwepo, miyendo tambalale.

"Njerwa."

"Eya."

"Ine mwezi wathunthu ndikudya therere lopanda nsinjiro, mtedza uli apa, chifukwa cha njerwa?"

"N'chifukwa chake ulipo, amayi."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthochi. Mercy anataya madzi amchere aja, mwini dzira anabweza dzira lake m'thumba la malaya mosamala. Ndiye kusekako kutayamba kuzirala, Rakele anaona chimene ankachiopa chija. Anthu sankabalalika. Ankasendera.

"Tilaweko nafenso njerwayo," anatero Alexio. "Mafuta anga apsa ulere."

"Inetu mbewu yanga inafumbwa," anatero mayi uja. "Kakapu kokha, mwana wa achemwali."

Rakele anamanga thumba msangamsanga n'kulikhalira. "Mvula ikagwa, bwerani kumunda mudzandithandize kubzala," anatero. "Wokolola tidzadya tonse. Uwu ayi." Mawu anatuluka ang'ono, koma anatuluka. Rakele anamulonjeza Alexio mazira a nkhuku yake yaikazi, ndipo anthu anayamba kuchoka, akubwereza nkhani ya pamwala ija aliyense ndi mchere wake.

Atatsala okha, Rakele anaimika thumba n'kuliyeza ndi mwendo. Tsiku lopaka njerwa lija linkafika pabondo. Tsopano linali litatsika ndi chikhatho chathunthu.

"Ziwiri, bambo a Chisa?"

"Tsiku loyambalo," anatero Tomasi ali cha kutali.

"Ndiye likhala kuti?" anafunsa aNachisale. "M'nyumba mwanumo muli khoswe wa miyendo iwiri. Bweretsa kwanga. Kuchipinda kwanga salowako ameneyo."

Zinali zoona. Mkamwini kuchipinda kwa apongozi, ngakhale nyumba itayaka, amaima panja n'kumakuwa. Koma Rakele anaona mmene maso a amayi ake anawalira, ndipo anakumbukira kambale kaja. Anayang'ana Tomasi, wamtali ngati mlongoti. Anayang'ana amayi ake, aafupi, dzanja lili kale pamsana umene unali utakumbukira kuwawa.

"Chabwino amayi. Kuchipinda kwanu. Koma kudenga."

"Kudenga?"

"Pamtanda wapamwamba penipeni. Chifukwa cha chiswe."

"Kwanga kulibe chiswe."

"Chingabwere."

Madzulo omwewo Tomasi anasenza thumba mpaka pakhonde la apongozi, n'kulitula, n'kubwerera chambuyo. Rakele analowetsa mtondo, kuugadabuza, kukwerapo, kuponya chingwe pamtanda. Kenako anatulutsira nsonga yake pawindo, ndipo Tomasi anakoka ali panja, nkhope kumbali, mpaka thumba linakwera n'kukalendewera pamwamba pa mphasa ya aNachisale. Rakele anamanga mfundo zake zomwe amazidziwa yekha, natsika, natulutsa mtondo n'kuugubuduzira kwawo.

"Ndiye ndizigona ndikuliyang'ana?" anadandaula aNachisale m'katimo. "Likadzandigwera usiku mudzanene kuti ndinafa ndi njerwa."

"Silingagwe, amayi."

Kunja mphepo inali itatembenuka. Cha ku Ntchisi kunali kamtambo kamodzi kakuda, kakang'ono ngati chipewa, ndipo Tomasi anakaloza ndi chibwano. "Sabata ikubwerayi, mwina. Mizere ndatsala pang'ono kumaliza." Kenako anagwira tsaya. "Koma mayi a Chisa, njerwa ija mukanasefa kawiri. Dzino langa ili..."

Rakele anabereka Chisa, amene anali atayamba kusinza kukamwa kukadali kofiira, nayamba ulendo wa kunyumba. Atayenda pang'ono anaima. Pakhoma la amayi ake, pafupi ndi chitseko, panatsamira nsungwi yaitali yothyolera mango, kunsonga kwake kuli kawaya kokowera. Dzulo inali pansi pa mtengo.

Anabwerera mwakachetechete, kuinyamula, n'kupita nayo kwawo.