Soya wa a Kumagai

"Ndati ndikutseka shopu, basi," anatero a Kumagai uku akutsuka nsalu yofinyira tofu, chakudya chopangidwa ndi soya. Zala zawo zinali zotupa ndi madzi ozizira. "Moyo wanga wonse ndaviika soya, ndapera, ndaphika, ndafinya. Mmisiri wa matabwa amaloza nyumba n'kunena kuti ndinamanga ndine. Nanga ine ndiloze chiyani? Tofu wa lero, mawa wasasa."

Mwana wawo Chizuru anali chiimire pakhomo. Iye ankagwira ntchito yoyeza magazi mumzinda wa Morioka, ndipo bambo akewo anali asanamukhululukire chifukwa chosiya shopu ya makolo.

"Musanatseke, tiyeni mukaone kuntchito kwanga," anatero Chizuru.

"Ndikaone udzudzu ukuyamwa anthu?"

"Udzudzu wake munabereka nokha. Valani jekete, sitima itisiya."

A Kumagai anapita, koma njira yonse akung'ung'udza.

M'chipinda choyezera magazi munali mwakachetechete, makina okha akulira chapansipansi. Chizuru anawakhazika pampando n'kuwaonetsa kompyuta. Panali mzere woyenda chogona, kenako unakwera mwadzidzidzi ngati phiri, n'kutsikanso.

"Phiri ili n'la chiyani?" anafunsa a Kumagai.

"Mu soya muli kanthu kotchedwa isofulavoni. Munthu akadya tofu, kamalowa m'magazi, ndipo makinawa amakaona. Awa ndi magazi a munthu wa m'mudzi mwathu, mmodzi mwa amene anadzipereka kuti ayezedwe mwezi watha. Dzina lake sitiuzidwa. Koma bambo, kwathu kuja shopu ya tofu ilipo imodzi yokha."

A Kumagai anasendera pafupi. Anakweza chala, osakhudza galasi la kompyutayo. Anaganiza za mayi Oikawa amene amabwera ndi kambale kawo m'mamawa, za mnyamata wa positi, za ana akusukulu. Mmodzi wa iwo anali pamenepo, ndipo m'kati mwake munali ntchito ya manja awo.

"Ukunena kuti soya amene ndinatsuka ineyo akudutsa mumtima mwa munthu?"

"Mumtima, m'chiwindi, mpaka kunsonga za zala."

Mkuluyo anavula chipewa pang'onopang'ono monga amachitira kukachisi.  Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye amakhalamo mpaka liti?"

"Sachedwa kutha. Munthu akapanda kudyanso mawa kapena mkuja, phirili limaphwa."

"Limaphwa," anabwereza a Kumagai.

 Pobwerera, a Kumagai ankangoyang'ana anthu a m'sitimamo mmodzimmodzi, mikono yawo, makosi awo, ngati akuwaona koyamba.

Atafika kunyumba madzulo, a Kumagai analunjika kuseri kwa shopu n'kuyamba kukoka thumba la soya.

"Nanga zotseka zija?" anafunsa Chizuru akubisa kumwetulira.

"Pakamwa pako watengera mayi ako. Gwira mbali inayo, msana wanga sukulola."

Chizuru anapinda malaya. Ananyamula thumbalo onse awiri, ndipo soya anakhuthukira m'madzi kuti wayaaa.