Timabotolo Titatu ta mu Firiji

"Mnyamata uja usamusungitse kanthu," anatero agogo, mdzukulu wawo akumanga nsapato. "Munthu wotafuna maso ali pa kope lako, njala yake si ya chakudya."

Mdzukuluyo anaseka, nati agogo amaopa ngakhale ketulo ikalira. Mnyamatayo anali mnzake wa ku labotale. Ankadya nawo pakhomo, ndipo iye ankawatchula agogowo kuti "chibwenzi changa".

Agogo sanapondeko m'kalasi, koma ntchito ya mwanayo ankaimva m'njira yawoyawo. Khansa imabisala, asilikali a m'thupi n'kumaidutsa ngati m'bale wawo. Tsono mdzukuluyo ankatenga maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, n'kudula ndi kusoka malangizo a chibadwa chawo, kuti azinyamula chizindikiro cha khansayo n'kumawalozera asilikali aja kuti mdani ndi uyu. Zinamutengera zaka zinayi, akuwadyetsa ngati makanda, kuti ziyambe kutheka.

Kuntchitoko anthu ankasungitsa timabotolo tina ta maselo mu firiji ya mnzawo, kuopa kuti yawo ingafe. Pankayenera kukhala pepala, onse awiri n'kusainapo. Mdzukuluyo anangopereka timabotolo titatu kwa mnyamata uja pamanja, poti kusainitsa munthu wodya kwanu kunamuchititsa manyazi.

Patapita miyezi, mnyamatayo analeka kubwera. Agogo atafunsa, anamva kuti walembedwa ntchito ku kampani ina ya mankhwala, ndipo nkhawa inawagwira mpaka chakudya chinawakanika. Posakhalitsa kunabwera kalata ya maloya yonena kuti maselowo ndi a kampaniyo, analembetsedwa kale, ndipo aliyense amene ali nawo awawononge. Akuluakulu a labotale anafunsa za pepala lija. Panalibe. Kope la mdzukuluyo analiona, koma anati milandu yolimbana ndi kampani sangaikwanitse.

Mdzukuluyo anamuimbira foni mnyamata uja ali pabalaza, agogo akumva zonse.

"Osadandaula, achemwali," anatero mnyamatayo. "Dzina lanu ndaliika pamndandanda wa othokozedwa."

Lachinayi mwanayo anabwerera dzuwa lili paliwombo, nakhala pampando osavula chikwama.

"Maselo aja ndawathira mankhwala owapha ndekha, agogo. Abwana anaima kumbuyo kwanga mpaka botolo lomaliza."

Agogo anamuyandikira. Anamugwira manja onse awiri. Anali ozizira, khungu litatuwa, ndipo fungo la mankhwalawo linkaluma m'mphuno.