Nambala ya Achimwene

Pulofesa anali atafika pa mzere wotsiriza wa fomu pamene achemwali ake anamugunda ndi chigongono kuti afulumire. Sanawayang'ane. Anangosendera kumapeto kwa benchi n'kupitiriza kulemba. Unali mwezi wachinayi asakuwayankhula, kuyambira tsiku limene anapeza kuti ovolosi ya achimwene, ija inkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, aipereka kwa anthu a kugalaja. Ngakhale kuno kwa mlangizi wa za maganizo anabwera chifukwa achemwaliwo anaima pakhomo la chipinda chake m'mawa wonse, nsapato zake zili m'manja, mpaka iye anatopa nawo.

Dzina la Pulofesa anamupatsa ndi achimwenewo, makaniko amene ankamulipirira fizi ku koleji. Iwo atamwalira pa ngozi ya njinga yamoto, sukulu anaisiya chaka chachiwiri chili pakati. Linatsala ndi dzina lokha, lomwe tsopano linkamulasa ngati kamwala mu nsapato.

"Ulembe zoona, Pulofesa," anatero achemwali, akuchotsa ulusi wa kumashini umene unawakanirira pa bulauzi. "Amenewa si mayeso oti n'kubera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Chitseko chinatseguka. Iye ankayembekezera munthu wa chovala choyera ndi kabedi kogonekapo odwala. M'malo mwake munatuluka mayi wamfupi, magalasi akulendewera pa chingwe m'khosi. Anawapatsa moni onse awiri, n'kupempha achemwali kuti atsale pa benchi.

M'chipindamo munali mipando iwiri yosayang'anizana kwenikweni, jagi ya madzi, ndi bokosi la mapepala opukutira misozi lomwe Pulofesa analiyang'ana ndi diso loipa. Wotchi inali pakhoma, kumbuyo kwake. Mlangiziyo anafotokoza mosathamanga kuti azikumana kamodzi pa mlungu, tsiku lomwelo, kwa mphindi makumi asanu. Anati iye sapereka mankhwala, ndipo sauza munthu chochita. Zokambidwa muno zimatsala muno, ngakhale amene ali pa benchi panjawo atafunsa, kupatula ngati moyo wa munthu uli pangozi. Anatinso akaona kuti sakugwirizana, anene, amupezera mlangizi wina popanda kukwiya.

"Ndiye ntchito yanu ndi kungokhala pamenepo n'kumandimvera?" anafunsa Pulofesa. "Ndiye kuti ndinalakwitsa kosi."

"Ena amatero ndithu tsiku loyamba," mayiyo anayankha akumwetulira pang'ono.

Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga fomu. Pa funso lakuti kodi nthawi zina amaganiza kuti bola kufa, Pulofesa anali atachonga kuti inde. Mlangiziyo sanadzidzimuke. Anamufunsa mwachindunji ngati anakonzapo njira kapena tsiku. Iye anati ayi, kungoti kudzuka m'mawa kumamutopetsa kuposa ntchito iliyonse. Mayiyo anagwedeza mutu, chala chake n'kutsikira pa mzere wotsiriza, pamene pamalembedwa nambala ya munthu woti aimbiridwe zinthu zikavuta.

"Chifukwa cha yankho limenelo, mzere uwu ndi wofunika kwambiri kwa ine," anatero. "Chizolowezi changa n'chakuti ndimaiyesa nambalayi mwini wake ali pomwepo, kuti ndidziwe kuti ikugwira. Mwalemba kuti ndi ya achimwene anu. Mukundilola ndiimbe?"

Apa m'pamene Pulofesa anaona chimene dzanja lake linachita. Nambala imeneyo anakhala akuilemba pa fomu iliyonse chiyambire sekondale: kusukulu, kuchipatala, kubanki. Dzanja linali lisanamve za maliro. Akanatha kunena kuti walakwitsa, koma kamtima kena kowawa kanamuuza kuti asiye mayiyu adzionere yekha.

"Imbani," anatero.

Mlangiziyo anadina manambala. Kwa kamphindi kunali zii, kenako m'thumba la jekete ya Pulofesa munalira kanyimbo kaphokoso, kamene achimwene anasankha kuti kazimveka ngakhale injini ikulira. Kanalira mpaka mayiyo anadula foni yake.

Pulofesa anaitulutsa n'kuiika patebulo. Galasi lake linali losweka pakona, ndipo m'mbali munali mukadali girisi wakuda. Anadikira kuti amuuze kuti alimbe mtima, kapena kuti akufa sabwerera, monga ankanenera anthu onse. Mayiyo anangovula magalasi n'kumudikira. Chete ameneyo ndiye anamumasula pakamwa. Anafotokoza kuti foniyo anamupatsa ndi anesi pamodzi ndi lamba ndi makiyi, ndipo sanauze aliyense. Amaitchaja tsiku lililonse. Poyamba makasitomala ankaimba kufunsa za magalimoto awo, koma onse anasiya. Yatsala nambala imodzi yokha imene imaimba Lamlungu lililonse masana.

"Ya ndani?"

"Achimwene anailemba kuti Abwana," anatero Pulofesa, akuloza chitseko ndi mlomo. "Ndi omwe ali panjawo. Anataya ovolosi ngati chisanza, koma Lamlungu lililonse ngri, ngri. Ndimangoiyang'ana mpaka isiye."

Mlangiziyo anati foniyo sakumulanda, ndipo nkhani ya ovolosi adzaikamba mpaka kumapeto ngati iye afuna. Koma sangayambe naye ntchito popanda nambala ya munthu woti akaimbiridwa angathe kuvala nsapato n'kubwera. Anati si kuti akhale achemwali basi, angakhale mnzake, kapena amalume.

Pulofesa anayesa kuganiza. Anzake a ku koleji anawasiya akulemba mayeso, ndipo mauthenga awo sanawayankhe. Amalume anawaona komaliza kumanda. Anayang'ana chitseko, n'kuona kuti njira yachidule inali kungotuluka osabweranso. Anatenga fomu ndi cholembera, n'kuimirira osadziwa bwino kumene miyendo ikupita.

Achemwali sanali pa benchi. Anali chiimire pafupi ndi chitseko, chikwama chili pansi, dzanja lili pakamwa. Kanyimbo kaja anali atakamva. Maso awo anatera pa foni imene inali m'dzanja lake.

"Ine ndinkayesa inatayika pamsewu paja," anatero motsitsa mawu. "Ndinkadabwa kuti wakubayo bwanji sakuithimitsa. Ndiye Lamlungu lililonse umangoiyang'ana ikulira?"

"Ndikanayankha ndikanati chiyani?"

"Ukanati halo, chitsiru iwe. Koleji yonse ija sanakuphunzitse halo?"

Achemwali anapukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anamuuza kuti ovolosi ija ankalephera kudutsa pamene inali. Akatseka chitseko inkagwedezeka ngati muli munthu.

Pulofesa sanapepese, ndipo iwonso sanapepese. Anangotsamiritsa fomu pakhoma.

"Achemwali, akufuna nambala ya munthu woti angabwere."

"Miyezi inayi chete, ndipo lero ukubwera kudzandipempha nambala," anatero iwo. "Chibale ndi fupa ndithu. Lemba."

Anaitchula pang'onopang'ono, ziwiriziwiri, ngati akuuza mwana. Iye anailemba pansi pa ya achimwene, koma yapamwambayo sanaifufute. Atabwerera m'chipinda, mlangizi anaimba, ndipo foni inalira kunja kwa chitseko kamodzi kokha.

"Ndilipo," anamveka mawu a achemwali, m'foni ndi pakhonde pomwe.

Mayiyo anayang'ana wotchi n'kunena kuti zatsala mphindi makumi awiri. Pulofesa anakhala pansi, nakokera bokosi la mapepala lija pafupi, n'kufunsa kuti ayambire pati.